Sankatsokomola

Tsiku loyamba anabwera ngati wina aliyense,
chikwama cha mabuku kumsana, fumbi la ku Matawale m'nsapato.
"Mankhwala a chifuwa, mayi, ofiirira aja."
Ndinamupatsa, ndinamuwerengera chenje,
n'kumulangiza: masupuni awiri, katatu patsiku.
Anaseka pang'ono.

Lachinayi anabweranso.
Inali nyengo ya chiperoni, phiri litafunda mtambo,
Zomba yense ali khoso khoso,
ndiye ndani akanafunsa?
Koma ine makutu ndili nawo.
Zaka khumi ndi zinayi pa kauntala ino
ndimadziwa chifuwa chouma, chifuwa cha makhololo,
chifuwa cha bambo wobisira mkazi wake matenda.
Ganizani sankatsokomola.

Ndinadziwa. Ndilembe pompano kuti ndinadziwa.
Koma lendi inali itakwera,
fizi ya mwana wanga ikudikira,
ndipo botolo silifunsa amene walitsegula.

Chiperoni chinapita, dzuwa linaswa mtengo,
iye mabotolo atatu patsiku,
kusakaniza ndi zoziziritsa kukhosi kuseri kwa depoti.
Mboni za maso zinatsala ngati poboola singano.
Ankadzikanda mikono mpaka mizere yotuwa,
kusinza choimirira mawu ali pakati,
mano akutsogolo akudyeka ndi shuga wa m'botolo.
Tsiku lina anapempha ofewetsa m'mimba,
sabata yathunthu osapita kuseri.
Amenewonso ndinamugulitsa.

Ndalama zitatha anasiya foni.
Kenako wotchi. Kenako simbi ya mayi ake,
chingwe atachikulunga bwinobwino
ngati mwana woleredwa.

Anamutola a kabaza m'mamawa
pansi pa mlatho wa Likangala, milomo itabiriwira,
akupuma kamodzi, n'kuiwala, n'kukumbukanso.
Adokotala anati mankhwalawa amagoneka chifuwa,
ukawonjeza amagonekanso mpweya.
Anatsitsimuka. Pano ali ku chipatala china chija
chimene ife a kuno timachitchula motsitsa mawu.
Akuti usiku thukuta kamukamu, mafupa kuphwanya,
kusanza popanda chosanza,
bulangeti kulifuna, kulitaya, kulifunanso.

Dzulo kunabwera mayi Namakhwa.
Ndinakonzeka kutukwanidwa, ndipo ndikanalandira.
Iwo anangomasula mfundo ya pachitenje:
"Ndapeza kapepala m'thumba la buluku lake.
Kakuonetsa kuti ali ndi ngongole yanu."
Anayala ndalama zopindika, zonunkha usipa wa mumsika,
kuziwongola imodziimodzi ndi chikhatho,
n'kunena kuti, "Zikomo pomamuthandiza mwanayu akadwala."

Simbi yawo inali pansi pa kauntala,
ikundikhudza chala chaphazi.
Sindinaitulutse.
Lilime linakakamira kumwamba ngati ndamwa phula.
Ndinawayang'ana akuwoloka msewu,
akupita kukakwera minibasi ndi kabasiketi ka nthochi
zoti mwina lero adyako.

Ndalamazo sindinaziike m'kabati.
Zili mu envulopu pamodzi ndi wotchi,
imene ikuyendabe, ikuwerenga nthawi ya mwini wake.
Mawa ndikapereka. Dzulonso ndinati mawa.

Madzulo ano kwabwera kamtsikana ka yunifolomu,
inki kuchala, masokosi oyera mbee.
"Mankhwala a chifuwa, ofiirira aja."
Ndati, "Tatsokomola ndimve."
Kandiyang'ana, kaseka pang'ono,
kuseka komwe kuja,
n'kutembenuka, ndalama ili m'manja,
kulunjika sitolo ya tsidya la msewu
kumene nyali yayaka kale.