Mpira Wopanda Pasipoti

Ku Kalomwe, kuseri kwa msika wa kachewere,
kuli bwalo lopendekeka ngati phewa la wosenza matumba.
Wolemba zigoli za kiriketi pamenepo ndine.
Kope ili ndi lachisanu ndi chinayi.
Loyamba linadyedwa ndi chiswe,
ndipo choonadi chinali momwemo.

Akwathu amati zinayamba chonchi:
nkhondo itatha, tikubwerera ndi mabulangete a kukampu,
Fulujensio Kambwiri anasenza thabwa losalala
limene mwini sitolo ku Dedza anamupatsa
m'malo mwa malipiro a miyezi iwiri.
Mayi ake anafuna kupunthira nyemba.
Iye anakhoma pansi timitengo titatu ta bulugamu
nati: iyi ndi nyumba, ine ndine chitseko,
ponyani tione.

A kutsidya kwa chipata amakana.
Amati thabwalo linabwerekedwa,
ndipo chaka ndi chaka amabwera kudzalitenga.

Chimene tonse timavomereza ndi mpira.
Anaponya Layisoni, wamanzere uja wa mpanda m'mano,
Fulujensio anamenya,
kanthu kofiira kanakwera,
kupitirira mitu ya osintha makwacha ndi mametikali,
kupitirira lole ya makala yogona pamzere,
n'kukatera m'dziko la eni.
Msilikali anautola, anautembenuza,
anaufunsa mapepala.
Unagona mu ofesi masabata atatu
pamodzi ndi shuga wolandidwa ndi njinga zopanda lisiti.
Ife timati zinali zigoli zisanu ndi chimodzi, tinapambana.
Iwo amati mpira wotuluka m'dziko ndi wotayika,
masewero sanathe.

Zaka makumi atatu tsopano
tikumaliza masewero omwewo.

Chikho tilibe.
Timalimbirana kapepala ka chidindo chofiirira
kamene tinawombolera mpirawo:
mpira umodzi, wachikopa, mwini wake sakudziwika.
Kamagona m'chitini cha polishi,
kamawoloka malire m'thumba la wopambana.

Chaka cha njala tinasewera asanu ndi awiri mbali iliyonse,
wothamanga akupuma pakati pa njira.
Chaka cha nkhungu, phiri la Domwe litasowa,
Kandido anawakha mpira umene palibe anauona
ndipo mpaka lero sadya nawo ukwati wa ku Dedza.
Chaka chimene mwana wa Layisoni, Esinala,
anakwatiwa ndi woponya wathu,
anakhala pa chidebe pakati peni peni,
manja atapinda, osaombera aliyense.
Chaka cha mliri chipata chinatsekedwa.
Tinaima mbali ino, iwo mbali iyo,
nsalu kukamwa, tikutukwanizana mwaulemu.
Tsamba limenelo ndinangolembapo tsiku.

Mwezi wa Juni, chisanu chitapsereza masamba a nyemba,
Fulujensio anagona osadzuka.
Layisoni anabwera wapansi, ndodo kumanja,
sanalire, sanakhale pa mpando wa alendo.
Nthawi yothira dothi itakwana
anabwerera m'mbuyo mapazi anayi,
natapa chibuma ndi dzanja lamanzere,
mkono unazungulira pamwamba pa phewa monga kale.
Chinagunda bokosi.
Panalibe womenya.
Anayang'ana kwa ine, wa kope,
ndipo ndinapukusa mutu: ayi, bambo, sanatuluke,
mwaponya iye asanakonzeke.
Apo ndi pomwe analira.

Madzulo anapempha thabwa kwa wamasiye.
Mayi Anastazia anati: mukalifuna, mudzalipambane.

Loweruka likubwerali akubweranso,
adzukulu ovala majuzi a mpira wamiyendo,
osadziwa kampu, osadziwa mfuti,
odziwa kokha kuti kutsidya kuli ngongole yawo.
Ndasesa bwalo, ndathamangitsa mbuzi,
ndasongola pensulo ndi lumo.
M'kope langa tili khumi ndi zinayi, iwo khumi ndi zitatu.
Wolemba wawo, munthu wabodza amene ndimamusungira mapichesi,
ali ndi nambala zomwezo,
koma anaziika chadodolido.