Mawu Makumi Anayi

Sabata yanga yoyamba ku Milano sindinalembe kanthu.
Ndinasita.
Madiresi khumi ndi asanu ndi awiri Lolemba lokha,
nthunzi ikundiphika nkhope m'kachipinda kopanda zenera
kuseri kwa ofesi ya magazini, pansanjika yachinayi.
Chitupa cha pakhosi chinkati: Ottavia Ruggeri, wophunzira ntchito.
Dzinalo analilemba ndi pensulo.

Ndinaphunzira kunyamula jekete yodula
ngati khanda la eni ake
m'kasitima ka mumsewu, m'mawa wa chifunga,
mkono uli m'mwamba kuti mpendero usakhudze pansi,
phewa likulira mpaka pa Cadorna.
Ndinaphunzira kuti Mayi Colnaghi, mkonzi wathu,
amamwa khofi ali chiimire
ndipo sabwereza mawu.

Kusukulu anatiphunzitsa kufunsa mafunso.
Za mapini m'kamwa sanatiuze,
ngakhale za nsapato imodzi yosowa Lachisanu madzulo
imene ndinaisaka chokwawa pansi pa matebulo
mpaka mlonda anazimitsa magetsi.

Koma usiku, anzanga ogona nawo akuliza mkonono,
ndinkatsegula kope langa pa bondo
n'kulemba mmene silika amathawira m'zala,
mmene ubweya umasungira fungo la mvula ya dzana.
Palibe anandituma.
Linali ludzu chabe.

Sabata yachisanu ndi chimodzi anandiloza ndi chibwano:
"Iwe. Mawu makumi anayi
pansi pa chithunzi cha chikhothi ichi. Mawa."

Ndinalemba mazana atatu.
Chokongola, chochititsa kaso, chobera mtima,
ndinathira zonse ngati wophika wosalawa.
Anawerenga ataima pazenera,
cholembera chofiira chikudya mzere ndi mzere
ngati mbozi pa tsamba.
"Zoti n'chokongola maso anga aona kale.
Tembenuza."
Ndinatembenuza pepala.
"Chikhothicho, mwana iwe."

Ndipo ndinauona msoko.
Timapazi ta ulusi, topendekera kumanzere,
tikuyenda mwakachetechete kuchokera kukhwapa,
pena kamodzi kakafupi
pomwe wosoka anapumira, kapena anaitanidwa.

Msoko wotere ndinakulira pambali pake.
Amayi anga ku Prato, amanzere,
zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa mpando umodzi,
magalasi ali pansonga ya mphuno,
akunyowetsa ulusi ndi malovu usanalowe pa singano.
Sindikuti anasoka ndi iwo.
Ku Prato amanzere ndi ambiri.
Koma ndinakumbuka mmene ndinkayankhira anzanga a kuyunivesite
akandifunsa ntchito ya amayi:
"Ali m'zafashoni," n'kusintha nkhani msanga.

Manyazi ananditentha kuposa simbi.

Usiku umenewo ndinalemba kulemera kwa chikhothi padzanja,
masiku amene kolala yokha imadya,
ndi dzanja lamanzere lopanda dzina
limene linabisa ntchito yake yonse mkati
kuti wovala aziyenda osaiganiza.
Ndinawerenga ndi chala: makumi anayi ndi atatu.
Mayi Colnaghi anadula atatuwo,
sananene kanthu,
koma khofi wa tsiku limenelo anakagula okha.

Zinatuluka pa tsamba 112, m'munsi, m'tizilembo ta nyerere.
Dzina langa panalibe.
Ndinagula awiri ndi ndalama ya chakudya chamasana,
mmodzi ndinamutumiza kwathu.

Lamlungu foni inalira.
Ndinamva tsamba likutembenuzidwa, makina atazima.
Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenako:
"Batani lachiwirilo lakhota.
Sunalione?"

Sindinalione.

Lolemba ndinabwerera ku simbi yanga.
Madiresi khumi ndi anayi, siketi ziwiri,
nsapato ija sinapezekebe.
Kope lili m'thumba la epuloni, lanyowa ndi nthunzi,
ndipo chovala chilichonse, ndisanachisite,
ndimayamba ndachitembenuza.