Bondo la Adzatopa

Juni wa ku Bembeke salowera pakhomo,
amalowera m'mfundo.
Ine ndimamumvera m'bondo lakumanzere,
Adzatopa amamumvera m'mwendo wakumbuyo
umene masiku ano amaunyamula m'mwamba
ngati ndi wobwereka.

Galu ameneyu wapirikitsa anyani zaka khumi ndi chimodzi
m'munda wa kachewere kuseri kwa phiri.
Lero kuti adzuke pa chiguduli
amayamba waganiza kaye.

Ndinamuika m'dengu, dengu pa keliyala,
chifunga chisanachoke m'mapaini.
Anyamata a kabaza pa mphambano anafa nacho chiseko:
"Madala, galu kuchipatala?
Chingwe chokolowekera pa mtengo n'chotchipa!"
Ndinangopalasa.

Ku vetenale pa Boma, mayi Kadzakumanja
sanafunse zambiri. Anagwada pa simenti,
atayamba afunditsa manja m'khwapa mwawo,
n'kugwira bondo lija, kulipinda, kulitambasula,
kukoka fupa lam'munsi ngati akutsegula dilowa.
Linasuntha.
"Mtsempha wam'kati unaduka kalekale.
Mafupa akungokhulana, nyamakazi yamanga nyumba."
Anatchula opaleshoni ya ku Lilongwe, ekisile, timisomali tachitsulo,
kenako anatchula mtengo wake.
Ndinawerenga matumba a kachewere chamumtima
mpaka munda unatha, mtengo usanathe.

"Mukumupatsa chiyani?"
Ndinatulutsa kapepala ka mapilitsi anga a pa golosale:
theka ine, theka iye, m'mawa uliwonse.
Mayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Amenewa inu amakupepuzani, iye amamuboola m'mimba.
Mulekeretu lero."
Ndinazyolika ngati andigwira ndi nkhuku ya eni.

Jakisoni mmodzi. Mapilitsi akeake, masiku khumi.
Asanenepe. Asalumphe mizere. Azigona pofunda.
Aziyenda pang'ono tsiku ndi tsiku, pa chingwe, osati kuphiri.
"Nanga inuyo, bondolo munakapimitsa?"
Ndinati ine ndabwera ndi galu.

Tsopano jekete langa lakale ndi lake.
Madzulo timatsetsereka awiri mpaka pa mjigo,
iye kutsimphinira kumanja, ine kumanzere,
tikafika timapuma, n'kubwerera.
Anyani amatiyang'ana ali pa thanthwe,
akudya kachewere wanga mosafulumira.
Dzulo anawauwa kamodzi,
mwendo uja utaponda pansi.