Mbiya Zoboola Pansi

Lachisanu lililonse ndimamanga mbiya zisanu
pa keliyala ya njinga yanga,
udzu pakati pawo kuti zisalumane,
n'kutsika nazo kuchokera ku Mtenguleni
ngati wonyamula wodwala.
Anzanga a makala amandipitirira akuliza belu.
Alekeni. Makala akagwa amatoleka.

Woumba ndi a Velenasi Nasakala.
Dothi amakumba okha kumtapo, lotuwa, lonunkha dambo,
n'kusinjiramo mapale akale,
ati mbiya yopanda mafupa a amake
imaphulika pamoto.
Kunja amasalaza ndi chitsononkho,
kenako nkhulungo, kamwala ka mu Lutembwe
kamene kakalamba m'dzanja lawo.
Makungwa, mapesi, ndowe zouma,
tsiku lopanda mphepo.
Zimalowa zotuwa, zimatuluka zofiira
ngati msewu wa ku Chadiza mvula isanagwe,
pena ndi chipsera chakuda
pomwe lawi linatsamira.
Amazigogoda ndi chala.
Yolira ngwee ipite kumsika,
yolira phwa amweremo abakha.

Zaka makumi atatu mdani wawo anali kudontha.
Mtsuko wawo unkangotuluka thukuta,
madzi n'kuzizira mpaka mano kudandaula,
dzuwa lili pamutu.
Lero madzi ali m'zigubu zachikasu.
Pa Kapata ogula ndi a m'maloji
ndi amayi a magalimoto a ku Kalongwezi.
Akufuna zodzalamo maluwa.
Amaitembenuza mbiya, n'kuisuzumira kunsi:
Bowo lili kuti?

Ndinalipo tsiku loyamba kuboola.
Dothi likadali lofewa anatola kamtengo,
anakhala nako m'manja mpaka nkhuku zinalowa.
Kenako anabaya atayang'ana kumbali.
Fizi ya Tisauke sidikira, anatero,
napukutira chala pachitenje.

Sabata yatha, pafupi ndi mlatho wa Lunkhwakwa,
minibasi inandikankhira m'ngalande.
Zinayi zinapulumuka.
Yachisanu inalankhula kamodzi kokha.

Ndinatola mapale onse m'thumba la feteleza.
Lalikulu mkazi wanga wakazingirapo kale nsawa,
lina mwana anakapalira moto kwa aneba,
lina tavindikira mphika wosowa chivindikiro,
galu naye wapeza mbale.
Otsalawo ndinabwezera eni ake, mutu uli pansi.
Sanafunse za ndalama.
Anawakhuthulira mumtondo
nayamba kusinja ndikadali chiimire.

Kamodzi kokha ndinabisa.
Kali m'thumba la malaya, pamodzi ndi sipanala.
M'kati mwake muli chidindo cha chala chawo chachikulu,
mizere yonse, ndi pomwe mpeni unawacheka kale,
zonse zinapsa pamodzi ndi dothi.
Ndikatsika kukankha njinga pachitunda
ndimakatulutsa, ndimaikapo chala changa.
Changa n'chachikulu, sichikhalamo.
Ndimaikapobe,
kenako ndimakankha.