Chule wa m'botolo la jamu

Mayi Gwatidzo anati tizule nyemba imodzi
kuseri kwa labu, kusukulu kwathu ku Dzivarasekwa,
tisanse dothi, tiyang'ane mizu.
Timatuza tofiirira, ngati mikanda ya khanda.
"M'menemu muli alendi," anatero,
"tizilombo tosaoneka ndi maso.
Nyemba imawapatsa chipinda ndi chakudya,
iwo amalipira ndi chonde."
Ine ndinaganiza za ife,
anthu asanu m'chipinda chakuseri kwa a Marufu,
lendi ikulowa mwezi wachiwiri.

Pashelefu panali chule m'botolo la jamu,
chivindikiro chobooledwa katatu ndi msomali.
Lachitatu tinkayenera kumung'amba.
Khosi lake linkagunda
ngati la munthu amene ali ndi mawu
koma akudikira mpata.

Belu litalira ndinamubisa m'thumba la bulezala.
Anandikodzera njira yonse.

Amayi ali ndi mizere khumi ndi iwiri ya chimanga
pansi pa mawaya a magetsi, cha kudambo.
Ntchemberezandonda zaboola mitima yake,
mankhwala ndi madola asanu amene tilibe,
phulusa limene amathira limapita ndi mvula.
Ndinamukhazika patsinde la phesi lodyedwa kwambiri.
Sanathokoze.
Anangoti phee, kenako anajowa.

Lachitatu anzanga anajambula matumbo kuchokera m'buku.
Ine ndinakolopa labu ndekha, chilango.
Mayi Gwatidzo anaima pakhomo nthawi yaitali,
makiyi m'manja,
asanafunse motsitsa mawu:
"Nanga kumeneko akudya?"