Woweruza Wopanda Nkhope

Ulendo woyamba, mlandu wa bomba uja unatha
tiyi amene ndinagula pageti asanazizire.
Kubwalo la asilikali, ku Callao,
mchimwene wanga Fortunato anamuimika moyang'ana kalilole,
woweruza ali kuseri kwake,
mawu akutulukira m'chitsulo ngati chule wa m'chitsime.
Loya anapatsidwa mapepala m'mawa womwewo.
Mboni inali nambala chabe.
Moyo wonse m'ndende, anatero kalilole.
Ine ndinazimva kwa mlonda.

Patapita zaka khumi ndi chimodzi
anautsegulanso ku Lima, m'khoti la anthu wamba.
Uku woweruza anali ndi dzina, ndi chimfine,
ankamina m'kansalu kobiriwira.
Mlandu unakwawa miyezi isanu ndi inayi;
ndinagulitsa nkhosa ziwiri
kuti ndipeze ya basi yochokera ku Ayacucho.
Mboni ija inabwera ndi nkhope yake.
Itapanikizidwa ndi mafunso, inachita chibwibwi.

Pabenchi lakumbuyo pankakhala Hermelinda,
amene bombalo linamuphera mwana.
Sitinkalonjerana.
Tsiku lina anandigawira theka la lalanje.

Fortunato anatuluka ali ndi imvi.
Mpaka lero ndevu amameta mongopapasa,
kalilole atamutembenuzira kukhoma.