Tikuweta Miyala

Madziwa ndi a Mulunguzi,
atsika phiri osaudziwa mchere.
Bambo athiramo thumba lathunthu
n'kuvundula ndi mthiko wa amayi
mpaka mkono kuchita dzanzi.

Galasi anadulitsa kwa Twaibu ku Chinamwali.
Miyala inabwera pa lole ya ku Nacala,
yokulungidwa m'matawulo onyowa,
ikununkha doko lija
anasenzako matumba zaka khumi ndi zinayi.

Nsomba mulibe.
Akuti madzi ayambe akhwima,
masabata asanu ndi limodzi.
Anzanga a muno m'Matawale amasuzumira pawindo:
kwanu mwayamba kuweta miyala?

Loweruka magetsi anathima,
pampu n'kusiya kupuma.
Bambo anazula batire m'galimoto.
M'mawa mwake kutchalitchi tinapita wapansi,
amayi patsogolo, osacheuka.

Usiku wathawu andidzutsa.
Tochi m'manja, chala pagalasi.
Pamwala wakumanzere kanthu kofiirira,
kochepa ngati njere ya therere,
katambasula timanja take
n'kumakupiza pang'onopang'ono.

"Kabwera kobisala," akunong'ona,
"kakuyesa kuno n'kwawo."

Kunja chifunga chaphimba phiri.
Ine ndikugwa tulo chiimire,
koma iwo akoka mpando.